Theka Lamdima la Magh

Bisunpura,
Aghan, theka lowala, tsiku lachisanu

Bambo a Kewla,

Ram Ram. Kuno tili bwino, kupatula amayi anu amene akutsokomola, njati yathu yoweta imene yasiya kutulutsa mkaka, ndi ine amene ndatopa. Kewla wagweluka dzino lakutsogolo, akuti ndikuuzeni kuti akugwira mapazi anu. Kalatayi ndalemba ndekha. Ngati zilembo zapendama, pendamani nazo. Kwa aphunzitsi sindipitakonso, chifukwa ukawauza kuti alembe "bwerani" iwo amalemba "tikanakondwa mukanaganizirako zobwera", ndipo munthu ngati inu amaganizirako chaka chonse.

Nkhani ndi imodzi. Bambo anu akwanitsa chaka chimwalirire m'mwezi wa Magh, theka lamdima, pamene mwezi wakumwamba ukuchepa, tsiku lachisanu ndi chiwiri. A Dube ansembe anabwera dzana, anatsegula buku lawo, anatsimikiza. Tsiku limenelo mwana wamwamuna wa malemu amameta mpala, amakhala pansi m'mbali mwa mtsinje wa Gomti, amaumba mbamu za mpunga ndi dzanja lake n'kudyetsa bambo ake. Malemu anabereka mwana wamwamuna mmodzi, ndipo ndinu.

Chaka chatha munati lamya inachedwa. Chabwino, inachedwa. Moto wa pamaliro wowotchera mtembo anayatsa Jokhan, mwana wa bambo anu aang'ono, ndipo chiyambire tsiku limenelo amayi ake amalowa pakhomo pathu osagogoda, amatsegula miphika, amafunsa kuti mitengo ya mango idzasamalidwa ndi yani. Kuchitsime akazi sandifunsa za inu. Amangofunsana okhaokha, mokweza, ine ndili pomwepo.

Dzulo amayi anu analankhula, a Dube ali pompo, Jokhan ndi amayi ake ali pompo. Sanakweze mawu. Ponena za inu anati, "Sanawotche bambo ake. Akalepheranso kuwadyetsa, ndiye kuti ine sindinabereke mwana wamwamuna, ndipo moto wanga adzayatse Jokhan." Atatero anapitiriza kusankha nandolo.

Mukuwadziwa. Tsiku limene munakwera sitima koyamba ananena kuti sadzalawanso shuga mpaka mutabwerera kudzakhala kuno, ndipo zaka zisanu ndi zinayi tsopano akumwa tiyi wowawa. Ndiye musawayese.

Tumizani kangachepe ka mafuta ophikira ndi nsalu ya ansembe. Ngati kulibe, tidzakongola. Koma mutu wanu wokha sitingakongole kwa munthu, mubwere nawo nokha.

Ine,
Sohbati


Ahmedabad,
17 Disembala 1978

Make Kewla,

Ram Ram. Ugwire mapazi a amayi m'malo mwanga, Kewla umusisite pamutu. Ine ndili bwino, fumbi la thonje lokha ndi lomwe latikhala pakhosi monga mwa masiku onse. Kalata yako ndalandira. Zilembo zako zikuwerengeka, mwinanso mopitirira.

Sukanayenera kulemba ngati ukulembera munthu wothawa. Chaka chino chonse sindinadye nyama, sindinapite kuukwati wa munthu, ndipo bambo ndimawalota ali pamunda wa nzimbe atandifulatira. Ndibwera. Uwauze amayi choncho, mawu omwewo.

Koma udziwe kuti tchuthi kuno satunga ngati madzi. Fakitale imadula mwezi pawiri: malipiro amabwera pa theka, tchuthinso ndi theka limodzi pa chaka, ndipo umalembetsa kudakali miyezi iwiri. Ndinapita kwa kalaliki n'kumuuza kuti ndikufuna pakh imodzi, monga timanenera kwathu. Iye anati buku lake silidziwa pakh, limadziwa fotinaiti, mawu a Azungu, ndipo amenewo ndi mausiku khumi ndi anayi. Ndinati kwathu theka la mwezi ndi masiku khumi ndi asanu. Anati ndiye ndipite ndikagwire ntchito kwathu. Vithoba, mnzanga wa pamakina oyandikana ndi anga, wa ku Maharashtra, anandiikira kumbuyo kuti kwawo dzina lenilenilo limatchula khumi ndi asanu, ndiye Azungu anaba tsiku limodzi ngati mmene anabera zina zonse. Wina wa ku Madras, wokonza makina, anati kwawo sawerenga n'komwe, amangoti mwezi ukukula kapena mwezi ukunyotsoka, ndipo palibe anafapo nazo. Tinakangana mpaka kapitawo anabwera kudzafunsa ngati nsalu yayamba kudziluka yokha. Mapeto ake andilembera theka lachiwiri la Febuluwale, lomwe lili ndi masiku khumi ndi atatu okha, moti tonse tinagwa nawo mlandu.

Tsiku la bambo ndaliona ndi maso anga pa kalendala ya a Ranchhod, eni nyumba imene ndimagonamo. Anthu a ku Gujarat kuno Magh amati Maha, theka lamdima lomwe ife timati badi iwo amati vad, koma ndi kalankhulidwe chabe. Ndinaika chala pa Maha vad, tsiku lachisanu ndi chiwiri, ndipo likugwa pa 19 Febuluwale. Ndikwera sitima pa 16, ndifika pa 18, wometa akonzeretu lumo.

Za mafuta ndi nsalu ndatumiza kudzera kupositi. Ndaonjezapo ka juzi ya Kewla. Njati muipatse madeya a mpiru, bambo ankatero ikauma.

Mwamuna wako,
Chhabinath


Bisunpura,
Pus, kumapeto kwa theka lamdima

Bambo a Kewla,

Ram Ram. Zomwe munatumiza zafika. Juzi tagula, yaikulu, kuti avale zaka zitatu. Njati tinaipatsa madeya a mpiru kale musanatiuze, inadya, ndipo mkaka ikuuganizirabe. Chisanu chafika, tirigu wamera bwino, amayi akutsokomola chimodzimodzi.

Kalata yanu ndinawawerengera amayi pakhonde. Nkhani ya anzanu okangana za masiku ndinaidumpha, chifukwa amuna anayi akuluakulu kusiya ntchito n'kumawerenga mausiku si chinthu chouza nkhalamba yodwala. Pamene mwalemba kuti "ndibwera" anati ndibwereze. Ndinabwereza. Madzulo ake anatulutsa mbale zamkuwa za bambo anu n'kuyamba kuzikwecha ndi phulusa.

Tsoka lake Jokhan anali pomwepo, wabwera ndi palafini wa kugolosale kwake. Atamva za Febuluwale anayamba kuwerenga zala, kenako anati, "Alamu, Febuluwale ameneyo ali kutali." Ndinamufunsa ngati anafikako ku Ahmedabad. Anati ayi. Ndinati mwamuna wanga waika chala pa kalendala, iwe chala chako chimakhala pa sikelo. Anati amangofuna kuthandiza. Ndinati unathandiza chaka chatha, zinakwana. Anapempha kuti aione kalatayo ndi maso ake, ine ndinaipinda n'kuiika m'bulawuzi, kumene sangaifunse kawiri.

Ndikudziwa chimene akufuna. Akufuna amayi ayambe kukayika, kuti wometa akadzafika pakhomo adzapeze mutu wake uli pafupi. Kwa a Dube sindikafunsa, chifukwa fodya wawo amatenga pangongole kwa Jokhan yemweyo.

Koma nanunso lekani kundilembera masiku a m'maofesi. Febuluwale ndi ndani kwa ine? Mwezi uli kumwamba, ndi umodzi, ngwaulere, ndipo ngakhale ku Gujarat ndikhulupirira kuti umaoneka utsi wa mafakitale anuwo ukachepa. Ndanena Magh, theka lamdima, tsiku lachisanu ndi chiwiri. Inu mwanena chomwecho. Basi tagwirizana.

Mukamabwera mugule mankhwala a chifuwa, a m'botolo lofiirira, osati mapiritsi. Mapiritsi amayi amapatsa nkhuku.

Sohbati


Bisunpura,
4 Januwale 1979

Achimwene olemekezeka,

Ndikugwira mapazi anu. Kuno tonse tili bwino mwa chifundo cha Mulungu, ndipo ndikhulupirira kuti nanunso muli bwino. Sindinakulembereniponso kalata, ndiye mundikhululukire ngati ndalakwitsa kalembedwe.

Alamu anawerenga kalata yanu ine ndilipo, ndipo ndinamva kuti mufika pa 18 Febuluwale. Mugolosale mwanga muli kalendala yochokera ku Banaras, yomwe amatipatsa a kampani ya sopo. Ndaiyang'ana kangapo. Pamenepo Magh, theka lamdima, tsiku lachisanu ndi chiwiri likugwa pa 20 Januwale, mwezi uno. Sindikudziwa kuti zasiyana bwanji ndi yanu. Mwina yanga ndi yolakwika, poti ndi yaulere. Koma a Dube nawonso auza wometa kuti akonzeke mwezi wakumwambawu ukangodzaza n'kuyamba kuchepa.

Ndinayesa kuwauza alamu, koma anandiyankha zina. Ndinayesanso kudzera mwa mkazi wanga, anabwerako akulira. Amayi aakulu sindingawauze, mukudziwa mmene zinthu zilili, angaone ngati ndikudzikonzera malo.

Achimwene, moto uja sindinaupemphe. Mtembo unali pabwalo, dzuwa likupendeka, ndipo munthu wamwamuna wa magazi analipo ndine. Mpaka lero sindigona bwino nawo. Ngati mungathe kupempha tchuthi msanga, pemphani. Ngati sizitheka, mundiuze chochita, ndichita chomwe munene.

Mng'ono wanu,
Jokhan


Ahmedabad,
14 Januwale 1979

Make Kewla,

Ram Ram. Mapazi a amayi, mutu wa Kewla. Ndili bwino. Lero kuno ndi tsiku la makaiti, fakitale yatseka, mzinda wonse uli pamadenga, ndipo kumwamba sikukuoneka ndi mapepala. A Ranchhod, munthu wa imvi ndi mimba yake, alumpha khoma kuthamangira kaiti yoduka ngati mwana. Ndagula ziwiri za Kewla, ndidzabwera nazo ngati sizithyoka m'sitima.

Unanena zoona za Jokhan. Wandilembera kalata, yofatsa ngati mkaka, kundiuza kuti tsiku la bambo ndi sabata yamawa. Poyamba ndinatsala pang'ono kuthamangira kwa kalaliki. Kenako ndinaona chimene akukonza. Akufuna ndithamange tsopano, ndidye tchuthi changa chonse, ndibwerere kumakina, ndipo tsiku lenileni likadzafika ine ndili kuno, iye ali pamenepo ndi mutu wometa. Munthu amene akuti sagona nawo moto uja, mitengo ya mango akugona nayo bwanji?

Komabe sindinafune kudalira kalendala ya pakhoma yokha. Ndinapita kukachisi wa m'dera lathu lino, kwa wansembe wamkulu, munthu wophunzira amene amasankhira masiku eni mafakitale. Ndinamufunsa kuti Magh, theka lamdima, tsiku lachisanu ndi chiwiri likugwa liti. Sanatsegule ndi buku lomwe. Anati pa 19 Febuluwale. Ndinati atsegule ndithu. Anatsegula, n'kundionetsa. Ndiye kalendala ya sopo ya Jokhan achapire zovala.

Sindimuyankha. Nawenso usamuyankhe, usakangane naye, ingomusiya. Padakali mwezi wathunthu, mukonzekere modekha. Mankhwala a botolo lofiirira ndagula kale.

Mwamuna wako,
Chhabinath


Bisunpura,
Magh, theka lamdima, tsiku lachisanu ndi chitatu

Bambo a Kewla,

Moni ndikukupatsani chifukwa kalata imayamba ndi moni. Ngati muli moyo ndiye muli bwino, zambiri sindifunsa.

Dzulo linali tsiku la bambo anu. Kalata yanu ya makaiti yafika lero m'mawa. Pamene mwalemba kuti padakali mwezi wathunthu ndawerengapo kawiri, kenako ndinakhala pansi pafupi ndi khola.

Ndikuuzani mmene zinayendera, musadzamve kwa ena zothira mchere. Masiku awiri Jokhan wakhala akupalasa njinga m'nkhungu kupita kusiteshoni kukadikira sitima yanu. Sindinamutume ine, anamutuma amayi. Dzulo wometa anafika m'mamawa, anakhala pansi pa mtengo wa mango, ananola lumo mpaka linatsala pang'ono kutha. Ine ndi akazi atatu tinakazinga chapati, tinaphika dzungu, mpunga wa mkaka wogula kwa eni, poti njati yathu mukuidziwa. Abale anabwera, a kutsidya lomwe, atavala zoyera. Aliyense polowa amayang'ana kuseri kwanga ngati ndakubisani m'nsalu.

Amayi anakhala pachitseko osalawa ndi madzi omwe, maso ali kunjira. Dzuwa linafika pamutu. A Dube anati nthawi ya malemu ndi yamasana, ikadutsa yadutsa, ndipo bambo anu akhala ndi njala kumene ali. Amayi ake a Jokhan anali atamukokera kale mwana wawo kwa wometa. Jokhan anachotsa dzanja lawo n'kunena kuti sakhala pansi pokhapokha amayi aakulu atanena okha. Onse anatembenukira kwa amayi.

Amayi sanamuyang'ane Jokhan. Anafunsa a Dube kuti buku lawo limati chiyani, ngati mkazi wa malemu angathe kuumba mbamu. A Dube anakanda m'mutu, anati buku limalola, koma pokhapo pamene palibe mwana wamwamuna.

Amayi anati, "Ndiye palibe."

Anadzuka, anatenga mbale yamkuwa, anatsogola kupita kumtsinje. Tonse tinawatsata. Analowa m'madzi ozizira aja ndi chifuwa chawo chomwecho, anatuluka, anakhala pamchenga, anaumba mbamu, a Dube akuwauza mawu iwo akubwereza. Imodzi inaphwanyika, anaiumbanso. Sanalire. Wometa tinamulipira osameta munthu, ndipo anadya kuposa onse.

Ndiye mitengo ya mango musade nayo nkhawa, Jokhan sanakhale pansi. Koma mawu aja anamva mudzi wonse ndi a kutsidya. Usiku Kewla anafunsa kuti ababa abwera liti, amayi anamuyankha kuti afunse amake, iwo sadziwa za anthu a ku Gujarat.

Jokhan wabwera m'mawa kudzatenga mphasa zomwe tinabwereka. Sananene kuti ndinakuuzani. Zimenezo ndiye zandipsetsa mtima koposa.

Tsopano mundiuze, mosakometsera, ngati mmene ine ndikulembera. Wansembe wanu wa eni mafakitaleyo amaona mwezi wake wake? Kapena munaika chala pa kalendala maso muli pa makaiti?

Sohbati


Ahmedabad,
30 Januwale 1979

Make Kewla,

Sindikudziwa ngati ndili ndi ufulu wonena kuti ugwire mapazi a amayi. Ugwirebe. Kalata yako ndinaiwerengera pachipata cha fakitale, belu la ntchito likulira, ndipo tsiku limenelo ndinadula ulusi kambirimbiri mpaka kapitawo anandituma kukasesa.

Wandifunsa mosakometsera, ndiyankha mosakometsera. Madzulo ake ndinapita kwa munthu wa kwathu, wa ku Ghazipur, amene amakhala kuseri kwa njanji ndipo akazi ake amamutumizira kalendala ya ku Banaras chaka ndi chaka. Ndinaibwereka, ndinakachotsa ya a Ranchhod pakhoma, ndinaziyala pansi ziwirizo pambali ndi pambali. A Ranchhod anagwada nane, magalasi ali pamphuno.

Zonse ziwiri n'zolondola. Kwathu mwezi umayamba ndi theka lamdima, kenako lowala, n'kutha mwezi wakumwamba utadzaza. Kuno umayamba ndi theka lowala, n'kutha ndi mdima. Theka lowala la Magh ndi limodzi, masiku omwewo, dzina lomwelo, kuno ndi kwathu. Koma mdima wa Magh ife timauika kutsogolo kwa kuwalako, iwo amauika kumbuyo. Mdima umene bambo anafera, kuno amati ndi mchira wa mwezi wa Pus. Mdima umene ine ndinaikapo chala, kwathu mukuti ndi mutu wa mwezi wa Phagun. Pakati pake pali mwezi wathunthu, ndipo ndagweramo.

A Ranchhod anati aliyense amadziwa kuti anthu a kumpoto amayamba mwezi chammbuyo. Wa ku Ghazipur uja anati aliyense amadziwa kuti a ku Gujarat ndiwo amatero. Aliyense amadziwa, kupatula ine amene ndakhala kuno zaka zisanu ndi zinayi ndikuwerenga mwezi ndi envulopu ya malipiro. Ndinkawamva akunena kuti chikondwerero cha nyale cha Diwali chimagwa m'mwezi wina wosiyana ndi wathu, koma poti nyale timayatsa usiku umodzi, ndinkangoti ndi kalankhulidwe kawo. Ndinabwereranso kwa wansembe uja. Anati ndikanamuuza kuti bambo anafera kumpoto. Ndinati sanandifunse. Anati ine ndinamufunsa za tsiku, osati za bambo.

Jokhan ndamulembera padera. Zomwe ndalembamo n'za pakati pa iye ndi ine.

Tikiti ya pa 16 ndili nayo, tchuthi sichisinthika. Uwawerengere amayi kalatayi, yonse, osadumpha. Kenako undiuze ngati ndibwere, kapena ngati kubwera kwanga kungoonjezera manyazi pakhomo.

Chhabinath


Bisunpura,
Magh, theka lowala, tsiku lakhumi

Bambo a Kewla,

Ram Ram. Tili bwino. Amayi chifuwa chinakula atalowa m'madzi muja, tsopano chatsikako.

Kalata ndawawerengera, yonse. Amasankha nandolo. Nditamaliza anandiuza kuti mphika ukupserera.

Ine maganizo anga ndi awa. Anthu amene amaika mdima kumchira kwa mwezi si anthu oti munthu awafunse za bambo ake. Ndipo mwamuna amene amakhulupirira wansembe wa eni mafakitale kuposa mng'ono wake wa magazi, sindikudziwa kuti ndimutche chiyani. Mukandiuza kuti nanenso sindinamukhulupirire Jokhan, ndikuyankhani kuti ine si m'bale wake.

Mwafunsa ngati mubwere. Funso lotani limenelo? Denga la khola likudontha, mwana wanu wayamba kuiwala nkhope yanu, mankhwala a chifuwa ali m'thumba mwanu. Bwerani. Manyazi alipo kale, simubwera nawo ndinu. Koma musayembekeze kuti wina akuthirirani madzi osamba m'mapazi.

Sohbati


Ahmedabad,
3 Malichi 1979

Make Kewla,

Ram Ram. Ndafika bwino, ndayambanso ntchito. Anzanga akuseka mpala wanga, Vithoba akuti ndikuoneka ngati dzira la chaka chatha. Ndikuwasiya aseke.

Umuthokozenso Jokhan. Pamene a Dube anakana kupita nane kumtsinje, ati uno ndi Phagun ndipo malemu anadya kale, ndi iye amene anawauza kuti kumene ndimadya ine udakali Magh, ndipo palibe buku loletsa munthu wakufa kudya kawiri. Ndi iyenso amene ananyamula mbale, n'kuima patali ine ndikuumba mbamu. Ndikudziwa kuti mudzi ukuti unali mwambo wa munthu wochedwa. Kwa ine bambo ndinawadyetsa ndi dzanja langa, ngakhale pa tsiku la anthu ena.

Koma amayi. Masiku onse aja sananditchule dzina. Ndikagwira mapazi awo amangoyang'ana kukhoma. Chakudya amakuuza iwe kuti upatse mlendo wa ku Gujarat. Mankhwala anamwa, koma anamuuza Kewla kuti athokoze amene wabweretsa. Kumtsinje sanabwere. Tsiku lonyamuka ndinaima pachitseko ndi katundu wanga nthawi yaitali, iwo akupota thonje la nyale, mpaka Jokhan anati sitima itisiya.

Sindikupempha kuti uwanyengerere, sudziwa ndi kunyengerera komwe. Ndingofuna chinthu chimodzi. Nditachoka, ananenapo kanthu? Ngati sananene, undiuze kuti sananene. Ndikufuna kudziwa ngati ndidakali ndi amayi, kapena ndizingotumiza ndalama kunyumba kumene ndili mlendo.

Mwamuna wako,
Chhabinath


Bisunpura,
Phagun, theka lowala, kumapeto

Bambo a Kewla,

Ram Ram. Tili bwino. Tirigu wayamba kufiira, denga lomwe munakonza likudontha malo ena atsopano, kaiti imodzi ya Kewla ili pamwamba pa mtengo wa a Dube ndipo akuti ndi chizindikiro, sakunena cha chiyani.

Mwafunsa ngati amayi ananenapo kanthu. Tsiku lomwe munachoka sananene. Mawa lake sananene. Ndinali nditakonzeka kukulemberani kuti sananene, chifukwa ine sindipeka mawu kuti mwamuna wamkulu agone bwino.

Kumtsinje mukuti sanabwere. Zoona, sanafike pamchenga. Anandiuza kuti akupita kukathyola mpiru kumunda wa kumtunda kuja, komwe mtsinje umaoneka wonse, ndipo anabwerako dzuwa litapendeka ndi masamba osakwana kudzaza dzanja. Sindinawafunse.

Dzana ndikupera tirigu anandiitana. Anati nditenge kalata yanu ya makalendala awiri ija ndiwerengenso. Ndinati ndinawerenga kale ndipo munati mphika ukupserera. Anati lero palibe mphika pamoto. Ndinawerenga. Nditafika pamene munalemba za theka lowala, kuti ndi limodzi kuno ndi kumeneko, anati ndiime, ndibwereze. Ndinabwereza. Anafunsa ngati zili choncho pa Magh pokha kapena miyezi yonse. Ndinati sindikudziwa. Anatuma Kewla kukaitana Jokhan. Jokhan anabwera, anati miyezi yonse, malinga ndi mmene munamulongosolera. Amayi anamuuza kuti amva, azipita, golosale ili yokha.

Kenako anati nditenge cholembera. Dzina lanu sindinalitchulepo kapena kulilemba chikwatiwire, mukudziwa, koma anati ndilembe momwe anenera, ndiye tchimo lake n'lawo. Mawu awo ndi awa:

"Chhabinath, ine ndidzafa mwezi ukuwala. Akuti theka limenelo kwanuko ndi kuno n'limodzi. Usadzafunse munthu, udzangokwera sitima, udzayatse."

Ndinawauza kuti munthu sasankha tsiku lofera. Anati anandiuza kuti ndilembe zomwe anena, osati zomwe ndikuganiza. Ndalemba.

Akutsokomolabe, koma akudya bwino, ndipo m'mawa uno akalipira njati ndi mawu amphamvu. Ndiye musathamangire kwa kalaliki.

Sohbati